Minda ya Mpesa ya ku France ndi Vinyo Wake Wofiira: Mafunso ndi Mayankho

Ambiri a ife tinayamba kumva za mpesa m'nyumba ya mapemphero, pamene ankatiwerengera za olima minda yampesa, za antchito olembedwa mbandakucha ndi ena olembedwa dzuwa litapendeka, ndi za moponderamo mphesa, mtengowo tisanauone ndi maso athu. Chifukwa chake nkoyenera kuti, pomva mbiri ya vinyo wofiira wa ku France amene mitundu yonse imamutama, tifunse mwachifatse chimene chili kuseri kwa mbiriyo, pakuti safunsa anadya phula.

Kodi n'chifukwa chiyani pa botolo la vinyo wa ku France pamalembedwa dzina la mudzi kapena la munda, koma kawirikawiri mtundu wa mphesa sutchulidwa?

Chifukwa anthu a dziko limenelo, atalima mpesa kuyambira masiku a Aroma kufikira lero lino, anafika pokhulupirira kuti chimene chimapatsa vinyo khalidwe lake si mbewu yokha ayi, koma malo amene mbewuyo yaimapo: dothi lake, kutsetsereka kwake, mbali imene mundawo wapenya, mphepo imene imaombapo, pamodzi ndi mwambo wa manja amene akhala akulimapo mibadwomibadwo. Zonsezi pamodzi iwo amazitcha terroir. Motero munthu akaona pa botolo mawu akuti Pauillac, kapena Pomerol, kapena Gevrey-Chambertin, akuwerenga mayina a midzi. Ndipo wozolowera amadziwa yekha, popanda womuuza, kuti ku Pauillac mphesa yolamulira ndi Cabernet Sauvignon, ku Pomerol ndi Merlot, ndi kuti ku Gevrey-Chambertin vinyo ndi wa Pinot Noir.

Chikhulupiriro chimenechi chinalowa m'malamulo a dziko. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 chinyengo chinafika posauzana, amalonda akuthira vinyo wa kwina m'migolo n'kumamutcha mayina a midzi yotchuka. Tsono m'chaka cha 1935 boma linakhazikitsa bungwe limene lero limadziwika kuti INAO, kuti liike malire a dera lililonse, ndi kulamula mitundu ya mphesa yoyenera kubzalidwamo, kadulidwe ka nthambi, ndiponso kuchuluka kwa vinyo amene hekitala imodzi iloledwa kutulutsa. Mlimi wophwanya malamulowa saletsedwa kugulitsa vinyo wake, koma amalandidwa dzina la mudzi, ndipo dzinalo ndilo chuma chake.

Ndiye kuti nthaka ya midzi imeneyi ndi yachonde kuposa ina yonse?

Iyayi, ndipo apa mpamene mlimi wa chimanga angapukuse mutu, pakuti iye akafuna munda amalondola dothi lakuda lofewa la m'mbali mwa dambo, malo amiyala n'kuwasiyira mbuzi. Koma wolima mphesa za vinyo amasiya chigwa chachonde n'kukwera pa chitunda cha miyala pamene tirigu sangabereke zolozeka. Mpesa ukabzalidwa pa chonde ndi pa chinyontho chochuluka umangochita masamba ndi nthambi, n'kubereka mphesa zambiri zofufuma ndi madzi, zimene vinyo wake amakhala wosalowerera. Koma ukaima pa dothi losauka limene madzi amvula sakhalitsapo, umazika mizu yake pansi kufunafuna chinyezi, ndipo dzuwa likafika pachimake umaleka kuphuka nthambi zatsopano n'kuika mphamvu zake zonse pa kukhwimitsa zipatso, zimene zimakhala zazing'ono, za makoko ochindikala, zodzala ndi mtundu ndi fungo. N'chifukwa chake kuthirira minda ya vinyo wotchuka kwakhala koletsedwa, kapena kololedwa pa chilala chokha.

Taganizirani dera la Médoc, kumpoto kwa mzinda wa Bordeaux, limene lili pakati pa nyanja ya Atlantic ndi chimtsinje cha Gironde, chimene chimapangidwa pamene mitsinje ya Garonne ndi Dordogne yakumana. Kumeneko kuli zitunda zazifupi kwambiri, zoti mlendo sangazitche zitunda n'komwe, zimene zili milu ya nsangalabwi ndi mchenga zimene madzi anakokolola ku mapiri a Pyrenees ndi a Massif Central m'nthawi zamakedzana. Munthu akawerama m'mizere ya ku Margaux kapena ku Pauillac n'kutapa ndi manja, amadzaza manjawo ndi timiyala tosalala toyera, tina ngati dzira la nkhunda, tina toposerapo, dothi lenileni lili lochepa. Timiyalati timalola madzi kudutsa msanga, ndiponso timasunga kutentha kwa dzuwa, zinthu ziwiri zimene Cabernet Sauvignon, mphesa yochedwa kupsa, imazifuna. Pakati pa zitundazo panali madambo ndi zithaphwi kufikira zaka za m'ma 1600, pamene amisiri a ku Holland, odziwa kulimbana ndi madzi kwawo, anakumba ngalande naumitsa dzikolo. Inde, mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Akuluakulu a ku Médoc amati mpesa wabwino ndi umene ukuona mtsinje, ndipo sanama, pakuti zitunda za miyala yakuya zili m'mphepete mwa Gironde, ndipo madzi ambiriwo amafewetsa chisanu.

Kutsidya kwa Dordogne nkhani ndi ina. Ku Saint-Émilion kuli mapiri a mwala wa njereza, umene anthu anausema n'kumangira mudzi wawo, mapanga otsalawo n'kukhala mosungiramo vinyo; ndipo ku Pomerol kuli dongo, lozizira ndi losunga madzi, limene Cabernet Sauvignon sikondwera nalo koma Merlot, yofulumira kupsa, imalikonda. Munda wa Pétrus, wa mahekitala 11 ndi theka okha, uli pamwamba pa chulu cha dongo lobiriwira lolimba, limene limatupa mvula ikagwa n'kukaniza madzi owonjeza, ndipo pa chilimwe limapatsa mizu chinyezi pang'onopang'ono. Alipo amene amati amamva kukoma kwa mwala weniweni m'kamwa akamwa vinyo wotere. Ine ndimatsatira akatswiri a za nthaka amene amati mwala sulowa m'mphesa, koma kuti ntchito yaikulu ya dothi ndiyo kugawira mpesa madzi ndi kutentha pa muyeso wake. Kumeneku sikuchepetsa ulemu wa nthaka, pakuti kugawa pa muyeso chaka ndi chaka, pa mvula ndi pa chilala, ndi mphatso imene malo owerengeka okha ali nayo.

Nanga mayina oyamba ndi Château, monga Château Latour ndi Château Margaux, ndi a chiyani, ndipo anawaika ndani patsogolo pa anzawo?

Ku Bordeaux dzina limeneli limaimira munda wonse wa mwini mmodzi, pamodzi ndi nyumba yake ndi mosungira migolo. Zina mwa nyumbazo ndi zachifumu ndithu, za nsanamira ndi misewu ya mitengo, koma zambiri, pakuti zilipo zikwizikwi, ndi nyumba wamba za alimi. Bordeaux anatchuka msanga chifukwa ndi doko. Eleanor wa ku Aquitaine, dziko limene munali Bordeaux, atakwatiwa m'chaka cha 1152 ndi Henry, amene posakhalitsa anakhala mfumu ya England, dziko lonselo linakhala pansi pa mafumu a Angerezi kufikira 1453, ndipo kwa zaka 300 zimenezo zombo zinkasenza vinyo kupita ku London ndi ku madoko ena, kotero kuti ngakhale ufumuwo utatha, ludzu la Angerezi silinathe.

M'chaka cha 1855, pokonzekera chionetsero chachikulu cha ku Paris m'masiku a Napoleon III, amkhalapakati a malonda a vinyo ku Bordeaux anapemphedwa kundandalika minda yopambana. Iwo sanapite kukakumba dothi kapena kukalawa migolo yonse. Anatsegula mabuku awo, naona mitengo imene vinyo wa munda uliwonse wakhala akugulidwa kwa zaka zambiri, nagawa mindayo m'magulu 5. M'gulu loyamba anaikamo minda 4: Lafite, Latour, Margaux, ndi Haut-Brion, umene wokha sunali wa ku Médoc koma wa ku Graves. Ndandanda imene inalembedwera chionetsero cha miyezi yowerengeka yakhala chilili kufikira lero, ili ndi minda 61 ya vinyo wofiira, ndipo kusintha kwakukulu kunachitika kamodzi kokha, mu 1973, pamene Mouton Rothschild anakwezedwa kulowa m'gulu loyamba, mwini wake Baron Philippe de Rothschild atalimbikira zaka makumi angapo.

Ndinene maganizo anga poyera. Ndandanda imeneyi inalondola zambiri, pakuti ogula a zaka zimenezo sanali opusa. Komabe ili ndi chilema ichi, chakuti ulemu unapatsidwa kwa dzina la nyumba, osati kwa nthaka. Mwini wa nyumba yotchuka akagula munda wa mnansi wake m'mudzi womwewo, mphesa zimene dzulo zinali zawamba zikhoza kulowa lero m'vinyo wa dzina lalikulu, dothi lisanasinthe ngakhale kambalu kamodzi. A ku Saint-Émilion anayesa njira ina kuyambira 1955, yomaunikanso ndandanda yawo pafupifupi zaka 10 zilizonse, koma anakolola milandu ya m'makhoti, mpaka nyumba zawo ziwiri zomveka, Cheval Blanc ndi Ausone, zinadzichotsamo mu 2021. A ku Pomerol alibe ndandanda iliyonse, ndipo vinyo wawo sanatsike mtengo chifukwa cha ichi.

Kodi ku Burgundy amachitanso chimodzimodzi?

Kumeneko anatsata njira ina, imene ine ndimaiona kukhala yoona mtima kopambana, ngakhale ili ndi zovuta zake. Kuchokera ku mzinda wa Dijon kulowera kumwera kuli mtandadza wa mapiri a njereza wotchedwa Côte d'Or, wa makilomita pafupifupi 50, wopenya kotulukira dzuwa, ndipo m'chiuno mwa mapiriwo muli kalamba kopapatiza ka minda, m'malo ena kosafika ngakhale kilomita imodzi m'lifupi mwake. Amene anaiphunzira nthaka imeneyi anali amonke, a ku Cluny poyamba, kenaka a ku Cîteaux, nyumba imene inakhazikitsidwa mu 1098. Iwo ankafuna vinyo wa pa guwa la nsembe, wa odwala ndi wa alendo. Ndipo popeza nyumba ya amonke siifa monga munthu afa, ndiponso popeza ankadziwa kulemba, anatha kusunga chikumbukiro cha zaka mazanamazana, naona kuti kachigawo aka kamatulutsa vinyo wonunkhira chaka chilichonse, pamene kachigawo ako, kolekana nako ndi kanjira ka ngolo kokha, kamatulutsa wolemera koma wosanunkhira chotero. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pamwamba pa phiri dothi ndi losaya ndipo mphepo ndi yozizira. M'munsi dothi ndi lolemera ndipo madzi amaima. Pakati ndipo pabwino, ndipo m'menemo ndi mmene muli minda yambiri mwa 33 imene ili ndi ulemu wapamwamba koposa wotchedwa grand cru. Zigawo zonse za mayina akeake, zimene eni ake amazitcha climats, ndi 1,247, ndipo mu 2015 bungwe la UNESCO linaziwerengera pa chuma cha mtundu wonse wa anthu.

Mphesa yofiira ya ku Côte d'Or ndi imodzi, Pinot Noir, ya khungu lopyapyala, yosachedwa kuola ndi yosabisa cholakwa cha mlimi. Ndipo anthu akhala akuichitira nsanje kuyambira kale, pakuti mu 1395 wolamulira wa dzikolo, Philippe le Hardi, analamula kuti mphesa ya Gamay, yobereka kwambiri, izulidwe m'minda yake. Gamay inapeza kwawo kumwera, pa thanthwe la granite la ku Beaujolais, kumene ikuchita bwino kufikira lero.

Tsono ulemu ku Burgundy uli pa munda, ndipo munda sungakule kapena kusamuka. Koma chipwirikiti cha 1789 chitagwetsa ufumu, minda ya mpingo inalandidwa n'kugulitsidwa, ndipo malamulo a Napoleon analamula kuti chuma cha atate chigawidwe mofanana pakati pa ana onse; motero mindayo inadukaduka mbadwo ndi mbadwo, kufikira lero Clos de Vougeot, munda wa mahekitala 50 umene amonke anauzinga ndi linga la miyala, uli ndi eni pafupifupi 80, ena a iwo ali ndi mizere yowerengeka chabe. Onsewo ali ndi ufulu wolemba dzina limodzi pa botolo, waluso ndi waulesi yemwe, kotero kuti wogula ayenera kudziwa dzina la munda ndi la mlimi lomwe. Yochepa ndiyo minda ya mwini mmodzi, monga Romanée-Conti, wosakwana mahekitala 2, umene umatulutsa mabotolo pakati pa 5,000 ndi 6,000 pa chaka.

Nanga vinyo wofiira wa m'chigwa cha Rhône?

Kumpoto kwa chigwacho mphesa ndi Syrah, yobzalidwa pa mapiri otsetsereka kwambiri a Hermitage ndi Côte-Rôtie, kumene thalakitala silingakwere ndipo ntchito yambiri ikali ya manja ndi msana. Kumwera, kufupi ndi Avignon kumene apapa anakhala kuyambira 1309 mpaka 1377, kuli Châteauneuf-du-Pape, kumene minda ina yakutidwa ndi miyala yobulungira yaikulu ngati nkhonya ndi kuposa, ndipo mphepo yamphamvu ya mistral imaumitsa mphesa kuti zisaole. Kumeneko amaloledwa kusakaniza mitundu 13, Grenache ili patsogolo. Ndipo alimi a mudzi umenewu, motsogozedwa ndi Baron Le Roy, ndiwo anayamba kudzilembera malamulo amene dziko lonse linadzatengerapo, dera lawo n'kukhala mwa oyamba kuvomerezedwa mu 1936.

Kodi ntchito ya m'munda wa mpesa imayenda bwanji m'chaka?

Imayamba m'nyengo yozizira, kuyambira Disembala mpaka Malichi, mipesa ili mbuu popanda tsamba. Wodulira amayenda chowerama mzere ndi mzere, m'munda umene ungakhale ndi mipesa 10,000 pa hekitala, ndipo pa mpesa uliwonse amaima, n'kuyang'ana, n'kusankha nthambi imodzi kapena ziwiri zoti zidzabereke, zina zonse n'kuzidula. Ku Burgundy amakankha wilibala yopangidwa ndi mgolo wachitsulo wong'ambidwa, mmene amatenthamo nthambizo akuyenda, kuti aotheko manja. Kudulaku ndiko kumalamula zokolola, ndipo m'minda yapamwamba amadula mosaumira mtima, kotero kuti mpesa umodzi sudzaza ngakhale botolo limodzi.

Mu Epulo masamba amaphuka, ndipo ndiyo nthawi ya mantha, pakuti usiku umodzi wa chisanu ukhoza kupsereza mphukira zonse. Mu Epulo wa 2021 alimi a m'madera ambiri anachezera usiku kuyatsa zitini za makandulo pakati pa mizere, komabe dziko linakolola zochepa koposa zaka zambiri. Maluwa amadza mu Juni, ndipo mwa chiwerengero cha makolo awo kuchokera pamenepo kufika pokolola ndi masiku 100. M'kati mwake muli kumangirira nthambi pa mawaya, kupopera mankhwala, kuthothola masamba ophimba zipatso, ndi kupemphera kuti matalala apite kwina. Chakumapeto kwa Julayi ndi mu Ogasiti mphesa zimasintha mtundu. Ndipo mu Seputembala kapena Okutobala mwini munda amayenda m'mizere akutafuna mphesa, makoko ndi njere zomwe, kuti adziwe tsiku lotchera, pakuti akafulumira vinyo adzakhala wowawasa, akachedwa mvula idzamuolera zonse.

Kodi vinyo amafiira bwanji, ndipo chimachitika n'chiyani mphesa zikalowa m'nyumba?

Madzi a m'kati mwa mphesa zakudazi ndi oyera. Kufiira konse kuli m'makoko, pamodzi ndi khambi limene limamanga m'kamwa ndi kuthandiza vinyo kukhala zaka zambiri osawonongeka. Chifukwa chake, atasankha mphesa pa thebulo n'kutaya zoola ndi zosapsa, atachotsanso timitengo take, amazitswanya pang'ono n'kuzithira zonse, madzi, makoko ndi njere, m'zimbiya zikuluzikulu za matabwa, za simenti kapena zachitsulo. M'menemo yisiti imadya shuga n'kumusandutsa mowa, monga Louis Pasteur anaonetsera m'zaka za m'ma 1800. Chimbiya chimatentha, chimawira, ndipo mpweya wotulukamo, umene ukhoza kupha munthu wolowamo mosasamala, umakankhira makoko pamwamba n'kupanga chikhakha cholimba. Kuti mtundu utuluke, makokowo ayenera kunyowetsedwa tsiku ndi tsiku: a ku Bordeaux amapopa madzi a pansi n'kuwathira pamwamba, a ku Burgundy amamiza chikhakhacho ndi mitengo, ndipo kale ankatero ndi mapazi. Pakapita milungu iwiri, itatu kapena inayi, vinyo amatsanulidwa, makoko otsala n'kufinyidwa padera. Kenaka kumabwera kuwira kwachiwiri, kwakachetechete, kumene kumafewetsa kuwawasa kwake.

Apo ndipo vinyo amalowa m'migolo ya mtengo wa thundu, ya malita 225 ku Bordeaux ndi 228 ku Burgundy. Mitengo yake imachokera m'nkhalango zonga Tronçais, ili ndi zaka zoposa 100. Amisiri amaiwaza motsata mitsempha yake m'malo moicheka, matabwawo n'kuwaunjika panja zaka ziwiri kapena zitatu kuti mvula ndi dzuwa ziwachotse ukali, ndipo popinda mgolo amauwamba pa moto. Mgolo umapatsa vinyo fungo lake, ndiponso umalowetsa mpweya pang'ono kwambiri, umene umafewetsa khambi m'miyezi 18 kapena kuyandikira zaka ziwiri. M'nyengo yonseyi wosunga migolo sapuma: amadzazanso mgolo uliwonse pamene vinyo waphwera, ndipo pakapita miyezi ingapo amasamutsira vinyo mu mgolo wina kuti nsenga zitsale. M'nyumba zosunga mwambo amachita ichi ndi kandulo. Amagwada pa mpopi, tambula ili m'dzanja, lawi lili kuseri kwake, akuyang'ana vinyo akutsika ngati mwala wofiira woonekera, ndipo pakangooneka kamtambo koyamba ka nsenga amatseka. Potsiriza amamenya zoyera za mazira angapo n'kuzithira mu mgolo, ndipo izo pomira zimakokera pansi tizinyalala totsala.

Ku Bordeaux ntchito yolemekezeka koposa ndiyo kusakaniza. Mphesa za mtundu uliwonse ndi za chigawo chilichonse zimawira pazokha, ndipo pambuyo pake eni nyumba amakhala pansi ndi matambula ambirimbiri, kulawa ndi kusankha: Cabernet Sauvignon apatse vinyo msana, Merlot amupatse mnofu, Cabernet Franc ndi Petit Verdot awonjeze fungo ndi mtundu. Migolo imene siinafikepo imapita ku vinyo wachiwiri wa nyumbayo, monga Les Forts de Latour kapena Carruades de Lafite. Kale vinyo ankagulitsidwa m'migolo kwa amalonda, amene ankamuthira okha m'mabotolo; anali Baron Philippe yemwe uja amene mu 1924 anaganiza zothira vinyo wake wonse m'mabotolo pakhomo pake, ndipo anzake anamutsatira.

Chaka cholembedwa pa botolo chili ndi ntchito yanji?

Ndi chaka chimene mphesa zinatcheredwa, ndipo m'dziko limene nyengo isinthasintha, zaka sizifanana: 1945, 1961, 1982 ndi 2010 zimakumbukiridwa ku Bordeaux ndi ulemu, pamene Febuluwale wa 1956 amakumbukiridwa ndi chisoni chifukwa cha chisanu chimene chinapha mipesa yambirimbiri. Vinyo wa chaka chabwino ndi munda wabwino amakhala waukali akali mwana, ndipo amafuna zaka 10, 20 kapena kuposa, botolo litagonekedwa m'malo ozizira ndi amdima, kuti afatse. Koma vinyo wambiri wa ku France sali wotero. Amapangidwa kuti amwedwe pa chakudya m'zaka zochepa, ndipo kumusunga n'kumuwononga.

Kodi n'zoona kuti minda imeneyi inatsala pang'ono kutheratu?

N'zoona, ndipo tsoka silinunkha. Chapakati pa zaka za m'ma 1800 anthu okonda zomera ankaitanitsa mipesa ya ku America, osadziwa kuti ku mizu yake kwabisala kachilombo kochepetsetsa, konga nsabwe za zomera, kotchedwa phylloxera. Kanayamba kuoneka kufupi ndi Rhône cha m'ma 1863, mipesa ikufota popanda chifukwa chooneka. Jules-Émile Planchon anakapeza ku mizu mu 1868, ndipo m'zaka 30 zotsatira kanayenda m'dziko lonse, midzi n'kusauka, mabanja n'kusamukira ku Algeria ndi ku maiko ena. Boma linalonjeza mphotho ya ma franc 300,000 kwa wopeza mankhwala. Anthu anayesa kumiza minda m'madzi, anayesa kubaya poizoni m'dothi. Koma chipulumutso chinachokera kumene kunachokera mliri, pakuti mizu ya mipesa ya ku America siifa ndi kachilomboka. Anamezanitsa nthambi za ku France pa zitsa za ku America, ndipo kufikira lero pafupifupi mpesa uliwonse wa ku Pauillac kapena ku Vosne-Romanée, mudzi wa ku Burgundy, waima pa mizu yachilendo. Eni a Romanée-Conti anakana kufikira 1945, akuteteza mipesa yawo yakale ndi mankhwala. Chaka chimenecho inapereka mabotolo 600 okha, ndipo inazulidwa.

M'zaka zomwezo za mliri wa phylloxera kunabweranso nthenda ya chiwawu cha masamba, nayonso yochokera ku America. Mphunzitsi wa za zomera ku Bordeaux, Alexis Millardet, poyenda ku Médoc anaona kuti mipesa ya m'mbali mwa msewu, imene alimi ankaiwaza mankhwala obiriwira a kopa ndi njereza pofuna kuopseza akuba mphesa, inali ndi masamba amoyo pamene ina yonse inali itayoyoka. Mu 1885 analengeza mankhwala amene amatchedwa dzina la Bordeaux kufikira lero, kholo la mankhwala a kopa amene alimi a tomato ndi khofi amapopera.

Kodi vinyo wa ku South Africa, amene ndiye timamuona kawirikawiri m'masitolo, ali pa ubale ndi ameneyu?

Ali pa ubale ndithu. Oyamba kufinya mphesa ku Cape anali anthu a ku Holland mu 1659. Koma mu 1688 kunafika Akhristu a ku France othawa chizunzo cha chipembedzo, otchedwa Huguenots, amene anapatsidwa malo m'chigwa chimene lero ndi Franschhoek. Mitundu ya Cabernet Sauvignon, Merlot ndi Syrah imene imalembedwa pa mabotolo a kumeneko ndi ya ku France, ndipo Pinotage, imene a ku Cape amanyadira, inabadwa mu 1925 pokwatitsa Pinot Noir ndi Cinsaut.

Pomaliza, kodi vinyo wa mayina aakuluwa amayeneradi mtengo wake, ndipo kodi olima mphesa onse a kumeneko ndi olemera?

Kuti ndi wabwino kwambiri, palibe wokana; koma kuti mtengo wake ndi muyeso wa ubwino wake, pamenepo ndikana. Mu 2018 limodzi mwa mabotolo 600 aja a Romanée-Conti linagulidwa ku New York pa madola 558,000, ndipo wogula wotere akugula kusowa kwa chinthucho ndi mbiri yake, monga anthu agulira zithunzi zakale. Mu 1976 ku Paris, wamalonda wachingerezi Steven Spurrier anaika vinyo wa ku California pambali pa wa ku Bordeaux, mayina atabisidwa, oweruza ali akatswiri a ku France okhaokha; ndipo pa vinyo wofiira woyamba anakhala wa Stag's Leap Wine Cellars wa ku California, patsogolo pa Mouton Rothschild ndi Haut-Brion. Tsiku limenelo silinachotse kanthu pa nsangalabwi za ku Médoc, koma linaonetsa kuti Mlengi sanaike nthaka yabwino m'dziko limodzi lokha.

Za chuma, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Mu 2023 dera la Bordeaux linali ndi mahekitala a mpesa pafupifupi 100,000, ndipo nyumba zomveka zija zili ndi kagawo kochepa chabe. Otsalawo ndi alimi wamba amene vinyo wawo nthawi zina amagulidwa pa mtengo wosabweza ngakhale zimene analowetsa. Otchera mphesa ambiri ndi aganyu ochokera ku maiko ena, amene mayina awo salembedwa pa botolo, ndipo malo awo ogona akhala nkhani yodandaulitsa. Nyengo nayo ikutentha, mphesa zikupsa msanga ndi shuga wochuluka, kotero kuti mu 2021 Bordeaux analoledwa kuyesa pang'ono mitundu yopirira dzuwa, monga Touriga Nacional wa ku Portugal ndi Marselan, chinthu chimene agogo awo sakanachilota. Koposa zonse, anthu a ku France eni ake achepetsa kumwa: m'zaka za m'ma 1960 munthu mmodzi ankamwa malita oposa 100 pa chaka, lero ndi pafupifupi 40, ndipo wofiira ndiye wasiyidwa kwambiri. Kwa thanzi la anthu imeneyi ndi nkhani yokoma, pakuti vinyo, ngakhale wa dzina lotani, ndi chakumwa choledzeretsa. Koma kwa mlimi wa mahekitala 15 wa ku Entre-deux-Mers, m'dera la Bordeaux, ndi ngongole ku banki ndi zimbiya zodzaza popanda wogula. Mu 2023 boma ndi bungwe la alimi anayamba kulipira ma euro 6,000 pa hekitala kwa ovomera kuzula mipesa yawo, ndipo mahekitala zikwi zingapo azulidwa kale. Ena abzalamo mitengo, ena akuyesa mbewu zina, ndipo ambiri mwa ovomerawo ndi alimi okalamba amene ana awo anakana kulowa m'malo mwawo.